Digiri ya Dorika

Ana anga, mwakhala mukundiumiriza kuti poti ndapuma pantchito ndilembe mbiri yanga. Ndatulutsa madayale anga m'sutikesi yofiira ija, ndipo ndi amene akundikumbutsa zimene mutu unataya. Ndinayamba kulemba dayale ndili mtsikana wa sukulu, chifukwa ndinali wamanyazi kwambiri. Zimene ndinkalephera kuuza munthu ndinkaziuza kabuku. Mukadzawatsegula mudzaona kuti pachikuto pa dayale iliyonse ndinalembapo dzina lakuti Anesi. Inu munakula mukudziwa kuti limeneli ndi dzina la pakhomo chabe, limene malemu bambo anu ankandiitana nalo pondisangalatsa. Sizili choncho. Mutu uno ukunena za dzina limenelo, ndiponso za mmene ndinapezera digiri imene munaipachika pabalaza.

1989, Beatrice

Ntchito yanga yoyamba inali ya uphunzitsi pasekondale ina yaing'ono kufupi ndi katauni ka Beatrice, pakati pa mapulazi a ng'ombe za mkaka. Sukuluyo inali ndi zipinda zinayi, chimodzi chopanda denga, ndipo mabuku a Chingerezi ana ankagwirizana atatu buku limodzi. Ahedi anali munthu wamtali, waukali, amene ankakhulupirira kuti mphunzitsi ndi mawu. Atandimva tsiku loyamba anati mawu anga sakufika ngakhale pabenchi yachitatu. Sabata yonse, ana akaweruka, ankandiimika pansi pa mtengo wa msasa, iwo n'kukaima kutsidya kwa bwalo la mpira, n'kumandiuza kuti ndiwerenge ndime mpaka amve. Sanamvepo. Pomaliza anangoti, "Chabwino, muzilemba pabolodi, dzanja lanu ndi labwino." Amenewo ndiwo anali maphunziro anga oyamba otukula mphunzitsi.

Tchuthi choyamba ndinapita kwathu kupulazi ya fodya ku Centenary, nditatenga kalata yondilemba ntchito kuti makolo aione. Bambo sankatha kuwerenga, koma anailandira ndi manja awiri. Achemwali anga, a Dorika, anafika kuchokera kushedi yosankhira fodya, manja ali bii ndi utomoni. Iwo anasiya sukulu Giredi 3, ndipo chimene ankatha kuwerenga bwino ndi dzina lawo lokha. Anasuzumira pakalatapo, naloza ndi chala osakhudza, n'kuseka.

"Taonani, Bambo, boma landilemba uphunzitsi ine. Nanga bwanji folomani akundilondabe?"

Tonse tinaseka, ngakhale ine.

Kuti mumvetse kuseka kumeneko, ndibwerere m'mbuyo pang'ono. Agogo anu aamuna anachoka ku Ntcheu ali mnyamata, nagwira ntchito yosonkhezera moto m'mabani a fodya moyo wawo wonse. Mwa ana awo asanu ndi mmodzi, a Dorika okha ndiwo anali ndi pepala la kubadwa, limene tonse timangoti bethi, chifukwa mimba yawo inavuta ndipo Amayi anakachirira kuchipatala cha mishoni. Enafe tinabadwira m'komboni, ndipo palibe amene anatilemba paliponse. Mu 1980, nditafika Giredi 7, aphunzitsi ananena kuti wopanda bethi salemba mayeso. Bambo anatsegula chitini chimene ankasungiramo chitupa chawo ndi makhadi a mpingo, natulutsa pepala lija. Mawu awo ndinawalemba mu dayale tsiku lomwelo: "Dorika, mbwereke mng'ono wako alembere mayeso. Akamaliza akubwezera." A Dorika anangoti, "Atenge, fodya safunsa bethi." Tsamba lotsatira la dayaleyo ladzaza ndi dzina lawo, mmene ndinkayeserera kulilemba kuti dzanja lizolowere, ndipo pansi penipeni pali timawu tating'ono: "Ndidzalisamala, sindidzalipinda."

Si ife tokha amene tinachita zimenezi. M'komboni mwathu pepala linkabwerekedwa ngati khasu. Koma ana ambiri ankathera pomwepo pa Giredi 7, pepala n'kubwerera m'chitini. Cholakwa changa chinali chakuti ndinakhoza. Satifiketi ya Giredi 7 inabala ya Fomu 4, ya Fomu 4 inabala ya kukoleji, ndipo mwana aliyense anatenga dzina la make. Pofika potenga chitupa ndinali Dorika Mbewe, wamkulu ndi zaka zitatu kuposa thupi langa, ndipo pachitupapo panali chilembo A, chosonyeza kuti ndine mlendo m'dziko limene ndinabadwiramo.

2002, payunivesite

Ku Beatrice ndinakhalako zaka khumi ndi zitatu. Ndiko ndinakwatiwira ndi bambo anu, ndipo iwo okha ndi amene ndinawauza zoona. Ankandiuza kawirikawiri kuti ndikonze nkhaniyi idakali yaing'ono, ndisanabereke, koma ine ndinkati chaka chamawa. Digiri yoyamba komanso ya masitazi ndinazipeza pophunzira nthawi ya tchuthi, m'dziko momwe muno, kumene palibe amene ankafunsa zoposa nambala ya chitupa. Mayunivesite atsopano atayamba kutsegulidwa, ndinalembedwa ntchito pa imodzi mwa iwo, yophunzitsa aphunzitsi a mawa mmene angaphunzitsire ana aang'ono kuwerenga.

Mkulu wa dipatimenti yathu tinkangowatchula a Madyira, potengera mutupo wawo, ndiye kuti mfunda wawo. Anali bambo wamfupi, wa dazi, wosasowa mtedza wokazinga m'thumba la jekete. Ankakonda kunena kuti mphunzitsi amene wasiya kuphunzira amamwetsa ana madzi a m'chithaphwi. Panja pa ofesi yawo panali bolodi pamene ankakhomapo mwayi uliwonse wotukula aphunzitsi: mawekishopu a masiku awiri kuhotela ya m'tauni, maphunziro a miyezi itatu kunja kwa dziko, misonkhano yokawerenga zimene munthu wafufuza, ndiponso, kamodzi pa zaka zingapo, malo okachita digiri ya udokotala ntchito ili chikhalire. Anthu ankalimbirana malo amenewa mpaka kusiya kupatsana moni. Ena, kunena zoona, ankangotsata nkhuku ya kuhotela ndi kachikwama kolembedwa dzina la msonkhano, ndipo a Madyira ankawadziwa. Lamulo lawo linali lakuti aliyense wobwera ku wekishopu aimirire pamaso pa anzake Lachitatu lotsatira, afotokoze zimene waphunzira. Ambiri ankadwala Lachitatu limenelo.

Ine mawekishopu a m'dziko muno sindinaphonyepo. Ndinkakhala mpando wakumbuyo, osafunsa funso, koma ndikulemba zonse, moti pobwerera anzanga ankabwereka kope langa kuti akapulumukire Lachitatu. Ndinaphunzirako zenizeni: kukonza mayeso achilungamo, kuyang'anira wophunzira amene akulemba kafukufuku wake popanda kumulembera, ndi kugwiritsa ntchito kompyuta, imene poyamba ndinkaiopa ngati ng'ombe yolusa.

Koma pepala likangotchula dziko lina, ndinkadutsa pabolodipo ngati sindinaone. Kunja kumafuna pasipoti, ndipo masiku amenewo munthu wa chilembo A ankayenera kuyamba wakana unzika wa dziko la bambo ake, kuyankha mafunso, mwina kubweretsa achibale. Ine ndinkaona kuti akangondifunsa kawiri tsiku langa lobadwa, nkhope yanga idzandiulula. A Madyira anandisankha katatu. Koyamba ndinati ana ndi aang'ono. Kachiwiri ndinati bambo anu akudwala, ndipo pamenepo sindinaname kwenikweni. Kachitatu anandiitanira mu ofesi, natseka chitseko, nanditsanulira mtedza m'dzanja.

"Mai Mbewe, ndiuzeni ngati mlongo wanu. Alipo amene akukuletsani? Abambo kunyumba?"

"Ayi, Madyira. Ndimaopa ndege."

"Ku Zambia amapita pa basi, amai."

Mu dayale ya tsikulo muli mzere umodzi wokha: "Lero ndanamiza munthu wabwino." Malowo anapatsa mtsikana amene ndinamuphunzitsa ndekha, ndipo patapita zaka zochepa ndi iye amene ankasaina mafomu anga a tchuthi. Sindinamuchitire nsanje. Chimene chinkandiwawa n'chakuti anzanga anayamba kundiona ngati munthu wopanda chikhumbo, wokhutira ndi pamene wafika, pamene ine pepala lililonse la pabolodi ndinkalidziwa pamtima.

2008

Chaka chimenechi inunso mukuchikumbuka. Payunivesite choko chinatha, mapepala anatha, madzi anasiya kutuluka m'mipopi mpaka zimbudzi anazikhoma. Bolodi la a Madyira linatsala ndi timisomali tokha. Anzathu ankachoka mmodzimmodzi. Lachisanu umamusiya munthu mu ofesi, Lolemba umapeza makiyi patebulo, mwini wake ali ku Botswana kapena ku South Africa. M'dipatimenti yonse tinatsala atatu. Ndinkaphunzitsa makalasi a anthu anayi, mayeso ndikulemba pabolodi ndi tizidutswa ta choko timene ndinkapempha kupulayimale yapafupi. A Madyira anakana kuti Lachitatu life. Poti kunalibenso wekishopu yopitako, ankatisonkhanitsa atatufe mu ofesi mwawo, aliyense n'kuphunzitsa anzake chimene akudziwa, ndipo mtedza ankaugawa powerenga njere. Zinthu zitayamba kukhazikika, akuluakulu anandiimika pamsonkhano wa aphunzitsi onse n'kundiyamika kuti ndine chitsanzo cha munthu wokhulupirika, amene sanathawe ophunzira ake. Anthu anaomba m'manja. Ine ndinaima pamenepo ndikudziwa kuti mbuzi yomangidwa siyamikidwa chifukwa chosalowa m'munda.

Kwathu zinthu zinali zitapasuka kale. Pulazi ya ku Centenary inagawidwa, komboni inabalalika. Amayi anali atamwalira, ndipo Bambo anawatsatira m'chaka chomwecho cha njala, osatchulapo za pepala. A Dorika, amuna awo atamwalira, anakapezeka ku Concession, m'nyumba yakale ya komboni ya pulazi ina, akuchita maricho, ndiye kuti ganyu, m'minda ya anthu amene anapatsidwa malo. Kale mzungu sankafunsa chitupa, ankangolemba dzina m'buku lake. Tsopano chilichonse chinayamba kufuna chitupa: chimanga cha thandizo, mbewu, ngakhale layini ya foni. Zonsezi a Dorika zinkawadutsa. Ndinkawatumizira shuga, sopo ndi mafuta ophikira, ndipo iwo ankathokoza. Za pepala sitinkakambapo. Bambo anu anatisiya patapita zaka ziwiri, ndipo ndinatsala wopanda munthu wondiitana dzina langa m'nyumba.

2014, Concession

Kumayambiriro kwa chaka kunatuluka kalata yakuti mphunzitsi wa payunivesite yathu wopanda digiri ya udokotala, kapena amene sanayambe kuichita, adzatsitsidwa n'kukhala wothandizira chabe. Pamodzi ndi kalatayo kunabwera malo ochepa okaphunzira zaka zitatu ku South Africa. A Madyira, amene anali atatsala pang'ono kupuma, analemba dzina langa osandifunsa. Anandiuza kuti malowo ali ndi malire a zaka, ndipo malinga ndi fayilo yanga chaka chimenecho chinali chomaliza. Zaka zitatu za a Dorika zinali zitandipeza. Anandiuzanso chimene ndinkachidziwa kale, kuti malamulo atsopano a dziko akuti wobadwira muno kwa makolo ochokera ku Malawi ndi nzika, ndipo ndingopita kukasintha chitupa, A uja achoke, pasipoti ituluke. Pamenepo ndinazindikira kuti bamboyo ankaganiza kuti zaka zonsezi ndinkachita manyazi ndi chilembo A. Anatsitsa mawu nati, "Si inu nokha, amai. Pitani."

Ndisakubisireni, ndinafuna. Ndinali ndi funso limene ndinalisunga zaka zambiri, la ana a m'komboni amene kunyumba amalankhula Chichewa, kusukulu amaphunzira kuwerenga m'Chishona, mayeso n'kubwera m'Chingerezi. Ndinkafuna kulifufuza. Ndinkaopanso kutsitsidwa pamaso pa ana amene ndinawaphunzitsa. Ndipo ndinkafuna, kamodzi kokha, kudutsa pabolodi lija osatembenuza nkhope.

Sabata yomwe ndinatenga mafomu a pasipoti, foni inalira. Anali a Dorika, pafoni ya neba. Mzime wawo, Rute, anali atafika Giredi 7, ndipo aphunzitsi ananena zomwe zija za mu 1980. Mwana sakanapeza bethi mayi ake alibe chitupa. A kalembera anali kubwera ku Concession kwa masiku ochepa kudzalemba anthu a m'mapulazi. "Ubwere ndi pepala langa," anatero, foni n'kuduka.

Ndinapita kwa mphunzitsi wa zamalamulo payunivesite pomwepo, n'kumufotokozera nkhaniyi ngati ya mnzanga wina wa kutchalitchi. Anandiuza kuti mnzangayo akhoza kukalumbira zoona, koma chitupa chake chidzalandidwa, masatifiketi ake adzafufuzidwa imodziimodzi, omulemba ntchito akhoza kumuimitsa, ndipo mabethi a ana ake, poti mayi wolembedwapo ndi dzina lomwelo, nawonso adzagwedezeka. Anati zingatenge zaka. Kenaka anaseka n'kunena kuti anthu ambiri amangosinthana, mwini pepala n'kukalembetsa m'dzina la amene sanalembedwepo. Ndinatuluka mu ofesimo nditanyamula mawu amenewo ngati mwala wobisa munsalu. M'kombi, minibasi yopita ku Concession, bethi ija inali m'chikwama, m'pulasitiki, yosapindika monga ndinalonjezera. Mpaka tinadutsa Mazowe ndinkadziuza kuti ndikukabweza.

Ndinawapeza masana, akukolola soya m'munda wa munthu kuseri kwa mashopu. Anali ataonda, mano akutsogolo atachoka, chifuwa chikulira akamapuma. Tinakhala pamthunzi wa thirakitala yakufa. Anandifunsa za inu mmodzimmodzi, nafunsa ngati mwendo wanga unasiya kutupa. Kenaka anatambasula dzanja. Ine ndinayamba kufotokoza za kalata ya kuntchito, za malire a zaka, za South Africa, za mabethi anu. Ndinalankhula nthawi yaitali, mwina kuposa tsiku lina lililonse m'moyo wanga, maso ali pansapato zanga. Iwo anamvetsera mpaka ndinamaliza, dzanja lija n'kulibweza pamwendo.

"Ndiye kuti ukukalembanso mayeso ena."

"Inde, achemwali. Omaliza."

"Bambo anati ukamaliza kulemba undibwezera. Anesi, mayeso ako satha?"

Ndinanena chimene ndinali nditachibisa munsalu chija, kuti dzina la Anesi lilibe mwini m'mabuku a boma, kuti iwo akhoza kulitenga, chitupa n'kutuluka, Rute n'kulemba mayeso. Ndinati ndi pepala chabe, kumpingo ndi m'komboni adzakhalabe a Dorika.

"Ngati ndi pepala chabe, bwanji iweyo sukulisiya?"

Anatsokomola kwa kanthawi. Atapuma anafunsa ngati, nditabweza dzinalo, Rute angalembe mayeso chaka chomwecho. Ndinanena zoona, kuti ayi, nkhaniyo ingatenge zaka. Koma zoonazo zinali kumbali yanga, ndipo ndinkadziwa pozinena. Anadzuka, nakutumula nsalu yawo.

"Chabwino. Mwana asafere za akulu."

Anabwerera kukamaliza mzere wawo, chifukwa mwini munda anali atayamba kuyang'ana kumene tinakhala.

Mawa lake tinakaima pamzere pabwalo la sukulu pamene a kalembera anaika matebulo awo. Munthu wolembetsa atakula ankafunika mboni, wachibale wokhala ndi chitupa. Mboniyo ndinali ine. Ndinalumbira kuti ndine Dorika Mbewe, kuti mayi uyu ndi mng'ono wanga Anesi, wobadwira m'komboni ku Centenary. Ndinatchula chaka changa chenicheni chobadwa, koyamba pamaso pa munthu wa boma, ndipo ndinachitchula pochipereka kwa wina. Kalalikiyo, mtsikana wa zikhadabo zofiira, anayang'ana ine ndi suti yanga, nayang'ana iwo, n'kufunsa m'Chishona kuti wamkulu ndani kwenikweni. A Dorika anamwetulira, usinini uli pamtunda.

"Wamkulu ndi awa, mwanangu. Ine ndi fodya anandikalambitsa."

Mtsikanayo anaseka, nawagwira chala n'kuchidinda papepala.

Pondiperekeza kokwerera kombi ananyamula chikwama changa, monga amachitira wamng'ono kwa wamkulu. Ndinayesa kuwalanda, anakana. Kombi itafika anandipatsira pawindo.

"Muyende bwino, achemwali."

Ndinawapempha kuti asatero. Sanasiye. Kuyambira tsiku limenelo mpaka imfa yawo sananditchulenso Anesi, ndipo sananenenso "iwe" kwa ine.

2015 mpaka 2018

Pasipoti inatuluka mosavuta, popanda funso ngakhale limodzi, moti ndinachita manyazi ndi zaka zonse zimene ndinakhala ndikuopa. A Madyira anakhoma dzina pabolodi ndi timisomali tinayi, tsiku lawo lomaliza pantchito, nandiitana kuti ndidzaone. Ndinaima pambali pawo ndikuwerenga dzina la achemwali. Panatsala pang'ono kuti ndiwauze, koma anali okondwa kwambiri, ndipo anapita kumudzi kwawo osadziwa. Rute analemba mayeso nakhoza. Ine ndinakwera basi.

Za maphunzirowo ndilibe chodandaula. Laibulale inali ndi buku lililonse limene ndinkangolimva dzina. Mayi amene ankayang'anira ntchito yanga anali woleza mtima, ndipo anandiphunzitsa kulankhula pagulu osanjenjemera, chimene ahedi a ku Beatrice analephera. Kafukufuku wanga ndinadzachitira m'sukulu za m'mapulazi a ku Mazowe, ndipo kawiri ndinafikira kwa a Dorika. Ankandisiyira bedi lawo, ankandipatsa madzi osamba m'manja atagwada, ndipo Rute akandiyandikira ankamuuza kuti asasokoneze amayi ake aakulu. Anthu a m'komboni ankati ndi ulemu wopatsa munthu wophunzira. Ine ndinkadziwa kuti si ulemu. Sanandikalipirepo, sananditchulirenso za pepala, ndipo ndikanakonda akanatero.

Anamwalira mu Julayi 2017 ndi chifuwa chija, ine ndili kunja ndikulemba mutu womaliza. Ndinafika thupi atalitenga kale kuchipatala. Rute anandipatsa pepala loikira maliro kuti ndisunge, poti ndine wamkulu pabanja. Ndinalitsegula nditakhala pakati pa azimayi. Linati Anesi Mbewe wamwalira, ndipo chaka chobadwa chinali changa. Kumanda, abusa anali achilendo, ndipo anayamba kuwerenga dzina la papepalapo. Azimayi a mvano anang'ung'udza, mmodzi wa iwo nati, "Abusa, amene tikuika pano ndi a Dorika." Abusawo anayang'ana pepala, nayang'ana anthu, n'kukonza. Pachitsulo cha pamanda analemba Dorika ndi penti yoyera. Panali okalamba awiri kapena atatu ochokera ku Centenary amene ankadziwa zonse. Anandigwira chanza, nandipepesa, osanditchula dzina lililonse.

Chaka chotsatira munandiperekeza kokalandira digiri. Mukukumbuka kuti ataitana dzina ndinachedwa kuimirira, ndipo inu munaganiza kuti ndi mwendo. Anali ataitana munthu amene anali m'manda ku Concession, amene anasiya sukulu Giredi 3.

2022

Digiriyo ndinaigwiritsa ntchito zaka zinayi zokha. Sindinganene kuti inapita pachabe. Ndinayang'anira ophunzira angapo mpaka anamaliza, ndipo ndi awiri mwa iwo tinalemba timabuku ta Chichewa ta ana oyamba sukulu, timene ndamva kuti tikuwerengedwa m'sukulu zingapo za m'mapulazi. Anandiikanso m'komiti yosankha aphunzitsi opita kokaphunzira. Munthu akakana mwayi popanda chifukwa chomveka, anzanga ankati ndi waulesi, tipatse wina. Ine ndinkapempha kuti timusungire malowo mpaka tsiku lomaliza, ndipo sankamvetsa chifukwa chake mayi wosalankhula uja ankaumirira pa chimenechi chokha.

Kalata yopuma pantchito inabwera mwezi wobadwa a Dorika. Thupi linali likadali ndi zaka zitatu zogwira ntchito, koma fayilo inati ndakalamba. Sindinadandaule kwa munthu. Ndinaona kuti ndi chokhacho chimene pepalalo linanditengera, ndipo n'chochepa.

Rute tsopano akuphunzira unamwino. Iye amadziwa kuti a kalembera analakwitsa dzina pachitupa cha mayi ake, chifukwa ndi zimene mayi akewo anamuuza. Ngakhale kwa mwana wawo sanandiulule. Kumuuza zoona ndi ntchito yanga, si yanu, ndipo ndikamuuza ndi pakamwa, osati ndi kabuku.

Yanu ndi iyi. Ndikadzamwalira, boma lidzatulutsa pepala lakuti Dorika Mbewe wamwalira. Limenelo musadzalisunge. Mudzalipereke kwa Rute, pamodzi ndi bethi ya m'pulasitiki ndi digiri ya pabalaza, pakuti zonsezo ndi za mayi ake. Pepala langa la maliro lilipo kale, lija anandipatsa Rute, lili m'sutikesi yofiira pansi pa madayale. Pamwala mudzalembe Anesi.